Magiredi Anga Ngotsika Koma Ndikufuna Udokotala

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 28 ndipo ndimaphunzitsa bayoloje pa sekondale ina yoyendera kuno ku Simlemba. Digiri ya sayansi ndili nayo, koma ndinakhoza mokwawa. Sindikubisirani: chaka chachiwiri ndinatenga mimba, ndipo ndinachira kutatsala masabata atatu kuti mayeso ayambe. Kemisitiri ndinalephera, ndinachita kubwereza. Fizikisi ndinangodutsira pamzere. Chaka chachitatu ndi chachinayi, mwana ali kwa amayi anga, ndinakhoza bwino zedi, koma akaphatikiza zonse chaka chija chimakokera zinzake pansi.

Ndafunsirapo malo kawiri ku sukulu ya udokotala. Kawiri konse dzina langa silinatuluke, moti ndinali nditazitaya.

Ndiye mu Okutobala, nthawi ya nazale za fodya, a Esau oyandikana nafe anapopera mankhwala osavala chodzitetezera chilichonse. Chakumasana anagwa kudimba. Nditafika ndinapeza anthu atawazungulira, ena akuti amwetsedwe mkaka, ena akuti awalodza. Ine nditaona thovu kukamwa, thukuta lili kamukamu, malaya akununkha mankhwala, ndinadziwa. Ndinaletsa za mkakazo. Ndinauza akazi awo kuti awavule ndi kuwasambitsa ndi sopo, botolo la mankhwala ndinalikulunga m'jumbo, ndipo tinawakweza njinga yamoto ine ndili kumbuyo nditawagwirira. Kuchipatala, dokotala wachizimayi atatha kuwathandiza anandifunsa, "Inu mumagwira chipatala chiti?" Nditati ndine mphunzitsi, anati, "Botololi latithandiza. Mukanachedwa ola limodzi bwenzi tikukamba zina." Pano a Esau akusoka fodya m'chigafa mwawo.

Chichokereni tsiku limenelo mtima wabwereranso. Udokotala ndingauthe, Aphungu, sindikukayika ngakhale pang'ono.

Vuto ndi ili. Amalume anga, a Levison, akuti akudziwa munthu ku Lilongwe amene amatha "kuchapa" pepala la zotsatira. Anandiuza kuti, "Mwanawe, nzeru uli nazo, pepala lokhali ndi lomwe likukunamizira. Tikangosintha manambala awiri talakwira ndani?" Mafomu atseka kumapeto kwa mwezi uno. Bambo a kunyumba, a Gomezgani, omwe ndi mlimi wa fodya, akuti zimenezo ayi, koma nawonso njira ina sakuidziwa. Nditani?

N.K., Simlemba, Kasungu

Mayi N.K.,

Tiyambe ndi amalume. Athokozeni pokufunirani zabwino, kenako muwakanire, lero lomwe. Sukulu ikafuna kutsimikiza imafunsa komwe munaphunzira, ndipo kumeneko kemisitiri wanu ali momwe analiri. Mukagwidwa mwataya malo, mwataya uphunzitsi, mwinanso mukaona khoti. Mukapanda kugwidwa, munthu wa ku Lilongweyo adzakhala akusunga chinsinsi chanu mpaka mudzapume pantchito. Komanso pepalalo silikukunamizirani. Likunena zoona za chaka chimodzi. Ntchito yanu ndi kuonetsa zoona za zaka zinazo.

Tsopano ndikuuzeni chosakoma. Zomwe munachitira a Esau zikuonetsa kuti mutu wanu umagwira anthu ena akabalalika, ndipo ndakunyadirani. Koma osankha ophunzira sanali kudimbako. Iwo amafuna kudziwa ngati mungapirire zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi za sayansi yolimba, ndipo amayang'ana kaye pa kemisitiri yemweyo. Munatumiza mapepala omwewo kawiri, yankho linali limodzi. Kachitatu musatumize musanadziwe chomwe chikusowa.

Pemphani tsiku kwa ahedi, mukwere basi mukafike nokha ku ofesi yolembera ophunzira, mapepala anu enieni ali m'manja. Osadalira za pa WhatsApp kapena za mnzanu amene analowa zaka zisanu zapitazo, malamulo amasintha. Mukafunse mosapita m'mbali: kodi ndi magiredi awa ndikuyenera kufunsira? Ngati ayi, ndi maphunziro ati omwe ndingalembenso inu n'kuwavomereza? Kodi mumayang'ana digiri yonse, kapena zaka zomaliza zili ndi mphamvu yake? Mayankho mulembe, ndi dzina la amene wakuyankhani.

Akati mukuyenera, tumizani fomu mwezi uno, pamodzi ndi kalata yaifupi. Za mimba zikhale ziganizo ziwiri basi, osalira, osapepesa. Malo otsalawo muonetse momwe magiredi anakwerera mwana atabadwa. Pezaninso mphunzitsi amene anakuonani chaka chachinayi akulembereni umboni.

Akati simukuyenera, chaka chino chilekeni chipite. Lembetsani kemisitiri ndi fizikisi komwe akuuzeniko, mukhoze mochititsa kaso, chifukwa giredi yatsopano imalankhula mokweza kuposa kalata iliyonse. Patchuthi pemphani chilolezo kwa akuluakulu a chipatala kuti muzikathandiza ndi kuonerera. Mukaone zilonda, mizere yaitali ndi odwala omwe sachira, muone ngati mtima ukadali pomwepo. Funsaninso za maphunziro a ukiliniko ofesa, wothandizira dokotala, kapena a m'labotale. Si manyazi kulowera khomo limenelo, ndipo ena amapitiriza kuchokera pamenepo, ngakhale muyenera kufufuza kaye ngati njirayo ili yotseguka panopa.

Khalaninso pansi ndi a Gomezgani. Akana chinyengo, achita bwino. Koma avomera kukhala ndi mwana zaka zonsezo inu muli kutali? Fizi ichokera kuti chaka chomwe fodya wagulidwa motchipa? Gwirizanani malire, mwina kuyesa kawiri kena, kuti banja lisamangodikira dzina kutuluka chaka ndi chaka.

Ine ndikuona kuti mwayi muli nawo, ndipo zaka 28 si ukalamba. Chenjezo langa ndi limodzi: musasiye ntchito chifukwa wina wakuimbirani foni kuti zatheka. Choko musachitule mpaka kalata yokuitanani ili m'manja mwanu, yodindidwa, mwaiwerenga kawiri, ndipo dzina lomwe lilipo ndi lanu.

Aphungu