Chikwama cha Desiderio

Lolemba, 6 Disembala 1982

Kope ili ndalitola m'kanyumba kosungira mbatatesi momwe tikugonamu. Masamba oyamba zinadya mbewa. Ndizilembamo, poti pano ndilibe woyankhula naye. Mayi Eufrasia, eni malo ano, anandiletsa chiyankhulo chathu tsiku lomwe ndinafika. Anati, "Kuno ndi ku Mexico, mwanawe. Lilime lakwanulo ulipinde, uliike m'thumba."

Papita masabata asanu chidutsireni malire, ine ndi mwana wanga Nato kumsana. Mwamuna wanga Desiderio sanafikebe.

Tsiku lomwe asilikali anayamba kutentha nyumba za kumtunda, iye anandikoleka m'khosi chikwama chomwe ankaluka, chisanathe, kangowe kolukira kali chibayire pomwe anasiyira. Anati, "Tsogola ndi mwana, ine ndikatenge amayi. Komwe ukafikeko ukachipachike pachitseko. Ndikachiona ndidzadziwa."

Ndiye chili pamsomali. M'mawa ndimapachika, dzuwa likalowa ndimachotsa. Lero ndi ka 34.

Lachiwiri, 7 Disembala

Chisanu chagwa, udzu wonse mbuu. Nato akutsokomola ngati kagalu. Miyezi inayi yokha, mutu pamtunda, liwombo likungogunda ndikuliona. Kachipewa kake kanagwera mumtsinje tikuwoloka. Ndikamufunditsa nsalu amaikoka n'kuitaya.

Ndikusenda mbatatesi pabwalo, mayi Eufrasia anaima pachitseko changa, manja m'chiuno.

"Santiaga, ndakhala chete mokwana. Lamulungu ndi chikondwerero cha Maria Virigo, ndipo a boma aja ofunsa mapepala amakwera kuno tsiku limenelo. Chaka chatha anatsitsa banja lonse pa lole, ndi agogo omwe. Bulawuzi yakwanu ija tinakwirira. Nanga ichi?"

Ndinati ndi chikwama chabe, amayi.

"Chabe? Timahatchi tofiira taluka mwamunako apoto ngakhale wakhungu adziwa kuti n'ta kutsidya. Chikwamachi chikukuwa kuposa tambala wanga. Pofika Lachisanu chilowe pamoto, apo ayi mundipatse mpata. Nanenso ndili ndi ana."

Si munthu woipa. Atangotero anandibweretsera phala lotentha la chimanga ndi mafuta opaka mwana pachifuwa. Koma ndikachotsa chikwama, Desiderio akadutsa pamsewupa adzaona chiyani? Chitseko ngati zitseko zina zonse. Ndipo ndikachisiya, Nato ndipita naye kuti m'chisanu muno?

Lachitatu, 8 Disembala

Amuna atatu adutsa ndi mitolo ya nkhuni. Palibe anayang'ana pachitseko. Nato wasanza mkaka kawiri.

Lachinayi, 9 Disembala

Kuwotcha ndakanika. Ndinafika nacho mpaka pamoto, ndinamva fungo lake la fodya ndi nkhosa, ndinabwerera.

Ndinakhala padzuwa kuseli kwa kanyumba. Ndinazula kangowe kaja, sindikudziwa chifukwa chake. Ulusi unalendewera, ndinakoka pang'ono, basi timfundo tinayamba kumasuka tokha, kamodzikamodzi, ngati tikuthawa. Kenako ndinaganiza kuti ulusi ndi ulusi. Mwana sangafunde moto.

Sindimadziwa kuti choluka chimamasuka chobwerera m'mbuyo. Chomwe munthu analuka pomaliza n'chimene chimayamba kuchoka.

Mizere itatu ya pamwamba inali yolefuka, yosiyana ndi dzanja lake. Ndi ya masiku aja helikoputa inkazungulira phiri, iye akuluka maso ali kumwamba. Ndakulunga.

Kenako ulusi wobiriwira. Apa m'pomwe wofiira unamuthera, msewu wa kumsika atautseka. Anakasinthitsa ndi mazira kwa msuweni wake. Ndakulunga.

Kenako kahatchi ka miyendo itatu. Kameneko analuka tsiku lobadwa Nato, atakhala panja pa chitsa, azimayi atamuthamangitsa m'nyumba. Mawa lake ndinamuseka. "Bambo, hatchi yanuyi yapunduka, ipambana mpikisano wanji?" Iye anati, "Isiye, mwendo winawo uli m'mimba mwanga, ukunjenjemerabe." Ndinayamba ndaima pamenepo nthawi yaitali. Nato anatsokomola. Ndinakoka.

Chikwama chimodzi miyezi isanu! Ndinkamunena kuti ndi waulesi. Ine ndachimasula dzuwa lisanapendeke.

Ndasiya tako lake lokha, lozungulira, lopanda mahatchi, timizere tofiira ndi toyera basi. Limenelo anayamba ndili ndi pakati, tikudyetsa nkhosa, kumudzi kulibe mfuti ndi imodzi yomwe. Dzanja linakana kukoka. Ndinalitembenuza, ndinaliika pamutu pa Nato mongosewera. Lakhala ngati anachita kumuyeza.

Lachisanu, 10 Disembala

Vuto n'lakuti sindidziwa kuluka. Kwathu akazi timawomba nsalu, zoluka ndi kangowe n'za amuna. D. ankaluka akuyenda, akucheza, ngakhale pamsonkhano wa mudzi. Ine ndinkangoona osaona. Mitengo yanga yowombera inapsa ndi nyumba.

Kuyambira m'mawa ndimabaya, kukola, kukoka. Ulusi kumangopotana. Ndinalira chifukwa cha mkwiyo.

Mayi Eufrasia anabwera kudzaona ngati ndawotcha. Anapeza timipira ta ulusi pamiyendo panga, anayang'ana msomali wopanda kanthu, sananene za moto. Iwo amaluka tinsalu toyala patebulo. Anatenga tako lija n'kulizunguza padzuwa.

"Analuka izi ndi mwamuna? Zoona? Amuna akwanu kumakhala pansi n'kumaluka! N'chifukwa chake nkhondo ikukukanikani."

Ndinaseka mwangozi. Ndinali nditaiwala kuti mawu anga oseka amamveka bwanji.

Anayesa kupitiriza, anaima. "Iii, dikira. Uyu ngwamanzere eti? Taona, zikuzungulira chobwerera. N'chifukwa chake zikukukana, ukulimbana naye mwamunako. Bweretsa ndimasule chonse ndiyambe changa, pofika masana mwana avala."

Ndinachilanda. Sindinayambe ndalandapo kanthu m'manja mwa munthu wamkulu. Ndinapepesa, ndinati apo pokha ayi, amayi.

"Ndiye uphunzira ndi dzanja lamanzere, nkhutukumve iwe."

Anakhala moyang'anana nane, mawondo kugundana, iwo akuluka chawo ndi lamanja, ine ndikutengera ngati pagalasi. Baya, kola, koka. Baya, kola, koka. Amvekere, "Usamakoke ngati ukumanga mbuzi!" Chala chatupa. Kangowe kali ndi timano ta D. kumchira, ankakaluma akamawerenga. Nanenso ndinapezeka ndikukaluma pomwepo.

Anthu anayi adutsa lero. Mmodzi anali wamtali ngati iye, atavala jekete yakuda. Ndinathamanga mpaka pa mpanda. Sanali iye. Koma akanakhala iye, ine ndili kuseli, pachitseko palibe kanthu?

Loweruka, 11 Disembala

Chipewa chatha. Ndi chopotoka, khutu limodzi chimaphimba, lina chimasiya. Pamwamba m'posalala ngati dzira, apo ndi pa D. Kumunsi ndi maenje okhaokha, apo ndi panga. Nato sanachikoke. Wagona masana onse, thukuta pamphuno, kutsokomola kawiri kokha.

M'mawa ndinadzuka n'kupita pachitseko dzanja lili m'mwamba, ndilibe chopachika. Ndinaima choncho ngati wopusa.

Ndamupereka D. kodi? Anandiuza chinthu chimodzi chokha choti ndichite.

Lamulungu, 12 Disembala

Ndilembe msanga ndisanaiwale mawu ake.

Ndinafuna kubisala m'nyumba. Mayi Eufrasia anakana, anati wotsala yekha pamudzi tsiku la chikondwerero ndi amene amafunsidwa. Anandiveka diresi la mwana wawo, ananditsina mkono. "Ndiwe mkazi wa mwana wanga wa ku tauni. Ndiwe wamanyazi. Pakamwa tseka."

Pabwalo la tchalitchi anthu ngati nyerere, makombola akuphulika, lililonse likaphulika miyendo yanga inkafuna kuthawa. Akwathu analipo, ndinawadziwa ndi kayendedwe. Tonse m'zovala zobwereka, tonse maso pansi. Palibe anapereka moni kwa mnzake.

Ofunsa mapepala anali awiri, pakona pa ogulitsa makandulo. Mmodzi anatiyandikira. Anagwira tsaya la Nato. "Mdzukulu, amayi?"

"Mdzukulu, bwana. Taonani chipewa chomwe make waluka. Mwana wanga anakwatira nkhope, manja anasiya komweko."

Munthu uja anaseka, anapita. Ine mkodzo unatsala pang'ono.

Titatsikira kwa ogulitsa malalanje, bambo wina wokwera kuchokera ku minda ya khofi anasiya kuwerenga malalanje n'kumayang'ana pamutu pa Nato. Anawerama ngati akutola kanthu, n'kuyankhula chapansipansi m'chiyankhulo chathu. Masabata asanu ndi limodzi ndisanachimve pakamwa pa munthu wina.

"Mlongo, anayamba chipewachi ndani?"

Ndinamukokera Nato pachifuwa.

"Musaope. Inenso ndinali woluka ndisanakhale wa malalanje. Pamwambapa ndi dzanja la mwamuna wa kumapiri kwathu, wamanzere. Kumunsiku," anapukusa mutu, "Mulungu akukhululukireni."

Ndinati mwamuna wanga. Mawu anatuluka ngati a munthu wina.

Anati kumunda wa khofi komwe amagona, ulendo wa tsiku lathunthu pa lole, kuli wamanzere wina anafika mwezi watha, yekha, wotsimphina. Dzina lenileni sanena, kumeneko palibe amanena. Amaluka ndi waya wa ambulera, ulusi womasula m'masaka.

"Koma ndi wosokonekera pang'ono. Lamulungu lililonse amavala nsapato, amayenda midzi ya m'mphepete mwa msewu. Sagula kanthu, salonjera munthu. Amangoyang'ana pazitseko za eni ake. Timamuseka kuti m'bale, ukasaka nyumba yoti ukabe, uzipita kukada."

Ndinakhala pansi pomwepo, pa makoko a malalanje.

Ndinafuna kukwera lole yomweyo. Mayi Eufrasia anandigwira diresi. "Ndi mwana wachifuwa? Pamsewupo amaimitsa katatu. Komanso amanzere ngambiri padziko pano, mwanawe, usadziphe ndi mtima."

Ndikudziwa kuti ngambiri. Bambo uja sanatchule za amayi a D. Za kutsimphina sindikuzidziwa. Mwina si iye.

Ndinazula kangowe m'tsitsi momwe ndinakabaya. Ndi chokhacho chake chomwe chinatsala chathunthu. Ndinakapereka kwa bambo uja. Ndinati mukamuonetse timanoto. Akakadziwa, mukamuuze njira yokwera kuno, kupitirira tchalitchi, kanyumba ka mbatatesi. Akapanda kukadziwa, mumusiyirebe, waya wa ambulera umadula zala. Anakaika m'chipewa chake, anandipatsa lalanje limodzi la mwana wopanda mano.

Tafika kunyumba dzuwa likadalipo. Ulusi wobiriwira uja unatsala kampira kamodzi. Ndakapachika pamsomali, ndikudikira kuti andikalipire.

Mayi Eufrasia anatuluka ndi chakudya cha nkhuku, anaima, anayang'ana kampira, anayang'ana kumsewu.

"Pamenepo mpanda ukutchinga," anatero. "Katenge mwala, tikhome msomaliwo m'mwamba."