Nthenga za Tambala Wofiira

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino. Bondo lija likuti bwanji? Mankhwala ndinakutumizira aja ukumwa pa nthawi yake, kapena wawaika pamwamba pa kabati monga mwa chizolowezi chako?

Ife kuno tilipo. Ine ndili ndi mphamvu, koma alamu ako mtima ukuwavutabe, ndipo adokotala anena kuti opaleshoni ichitika mwezi wamawa. Chimvereni zimenezi, bambowa anasiya kulankhula za m'tsogolo. Ndikawafunsa zoti tidzabzale chaka chamawa, amangoti ndidzaona ndekha. Nsapato zawo zatsopano anapatsa mkamwini. Zimenezi zandisowetsa mtendere kuposa matendawo.

Chimene sanasiye ndi kuwedza. Paja chisamukireni kuno kumapiri kwa mwana wathu, anaphunzira kuwedza tirauti, nsomba za mawangamawanga zokonda madzi ozizira. Nyongolotsi sagwiritsa ntchito. Amamanga nthenga ndi ulusi pa mbedza kuti ioneke ngati kachilombo, n'kuiponya pamwamba pa madzi. Masiku ano manja awo amanjenjemera, ndiye mfundo ndimamanga ndine. Ndimanyamulanso mapilitsi, botolo la tiyi ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa madzi. Amandiseka kuti uphunzitsi wa masamu sunandichoke, ati tsiku lina ndidzawerenga ndi miyala ya mumtsinje yomwe. Sindinawauze kuti ya powolokera ndinaiwerenga kale.

Chilimwe chili kumapeto. Mtsinje waphwera, madzi ali mbee, moti nsomba imakuona iwe usanaione. Timapita m'mamawa, kuyenda chowerama, kachingwe ka kumapeto kukhala kopyapyala ngati tsitsi. Udzu wa m'mbali wadzaza ziwala, choncho nyambo yathu ndi chiwala cha nthenga. Koma pali lamulo limene alamu ako saphwanya. Nsomba akagwira amaibwezera m'madzi, ndipo madzi akafunda kufika madigiri makumi awiri, nsomba yotopa ndi kukokana siyichira, imakafera patsogolo. Zikafika apo timapinda ndodo n'kubwerera.

Pansi pa mtengo wina wopendekera pali dziwe, ndipo m'mizu yake mumakhala nsomba yaikulu. Iwo amaitcha Apongozi, ati poti imawayang'ana koma siyankha moni. Aisaka chilimwe chonse osaphula kanthu. Ndikawaseka amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Loweruka lapitali tinachedwa kunyamuka chifukwa anadzuka ndi befu. Pofika padziwepo dzuwa linali litakwera. Tili chiimire, chiwala chenicheni chinagwera m'madzi, Apongozi n'kutulukira poyera, kuchimeza ife tikuona. Bambowa maso anawala ngati a mwana. Ine ndinaviika kachipangizo kanga m'madzi. Makumi awiri ndi imodzi. Mng'ono wanga, ndinalakalaka kunama, podziwa kuti mwina uwu ndi ulendo womaliza asanagonekedwe. Koma ndinawaonetsa.

Anakhala pansi pamwala. Kenako anandipempha pulayala n'kudula nsonga ya mbedza, kutsala chiwala chopanda chobayira. Ndinawafunsa ngati mutu ukuyenda bwino. Anayankha kuti sakufuna kuwagwira Apongozi, akungofuna kupatsana nawo chanza. Anaponya koyamba, chingwe chinakola udzu. Kachiwiri chinaperewera. Kachitatu chiwala chinatera m'mphepete mwa mizu penipeni, madzi anatumphuka, ndodo n'kupindika. Nsombayo inakoka kamphindi chabe, n'kulavula, n'kubwerera kwawo. Alamu ako anaseka mpaka kutsokomola. Ine misozi inali mbwee, ndikunamizira dzuwa.

Pobwerera anatsegula kabokosi kawo ka nyambo n'kuyamba kudandaula kuti ziwala zatha, komanso nthenga za m'sitolo n'zofewa, siziyandama bwino. Anati chaka chamawa adzafika padziwepo kusanatenthe, ndi mbedza yathunthu, Apongozi adzaone polekera. Chaka chamawa! Ndinakhala ngati sindinamve, kuopa kuti angabweze mawu.

Tsono pempho langa ndi ili. Tambala wako wofiira uja, wothamangitsa alendo uja, ngati akadali moyo umuzuleko nthenga za m'khosi, zazitali zonyezimira zija. Usamuphe ayi. Akhala wadazi kwa kanthawi, koma zidzamera. Uziumitse, uzikulunge m'pepala, uziike mu envulopu. Chonde zifike opaleshoni isanachitike. Ndikufuna akamadzatsitsimuka adzazipeze pambali pa bedi, adziwe kuti ntchito ikuwadikira.

Undiperekere moni kwa amuna ako, uwauze achepetse shuga mu tiyi. Moni kwa azakhali, kwa ana onse ndi zidzukulu, makamaka kakhanda kaja sindinakanyamulebe. Mwana wathu ndi mkamwini akupereka moni. Alamu ako ati usavutike, zochepa chabe zikwana. Ine ndawerengera kuti nthenga makumi atatu zikwanira chilimwe chimodzi. Iwe utumize makumi asanu ndi limodzi.

Ndine wokusowa nthawi zonse,
Mkulu wako