Landilova Yanu Yasintha Miyendo

Kwa Mlolo,
P.O. Chiromo,
Malichi, 1978.

Okondedwa achimwene a Hilario,

Landirani moni wochokera kwa ine mlongo wanu, inu pamodzi ndi alamu anga a Juliana ndi ana onse. Kodi mukudzuka bwanji ku Lilongweko? Chifuwa chija chinkakuvutani ndi fumbi la simenti chinatha? Ife kuno Mulungu akutisunga. Amayi ali bwino, mawondo okha ndiwo akuwavuta, koma pakamwa mphamvu zonse zilipo.

Mwina munamva pa wailesi kuti Ruo ndi Shire anasefukira mwezi wathawu. Mtima ukhale m'malo, palibe amene tamutaya. Mapira akudimba apita ndi madzi, nkhokwe imodzi yagwa, koma anthu tonse tilipo. Nkhani yake ndi imene ndakhalira pansi kuti ndikulembereni.

Ndiyambe ndi Landilova yanu munatisiyira ija. Mukudziwa kuti ndi imene imatidyetsa, ponyamula mlamba wowamba kuchoka kumadambo kupita kumsika wa Bangula. Koma mvula ikangoyamba, timatayala take tija tinkangomira, mimba ya galimoto n'kukhala pamatope ngati mvuu. Nsomba zinkachita nkhungu m'madengu ife tili kalikiliki kukumba ndi makasu.

Ndiye tsiku lina a Geresomo, adalaivala athu, anafika mano ali mbee, atapeza matayala akuluakulu kwa mbale wawo wa ku Nchalo. Achimwene, matayala ake ofika m'chiuno mwangamu! Anati mavuto athu atha. Atawamanga, galimoto inatalika moti anthu ankapatuka panjira kudzaionerera.

Chimwemwecho sichinakhalitse. Titakweza katundu, injini inayamba kubuula ngati munthu wa malungo, pakachitunda kakang'ono kokha inkachita kupempha. Pofika pamatope a pafupi ndi Makhanga, a Geresomo anaponda mafuta mwaukali, ndipo tinangomva kunsi kuti phwa! Chitsulo chozunguza tayala lakumbuyo, chimene amati shafiti, chinali chitathyoka ngati nzimbe. Tinabwerera kunyumba tikukokedwa ndi ng'ombe zapangolo, a Geresomo atagwira chiwongolero, chipewa atachitsitsira kumaso. Mudzi wonse unaseka mpaka misozi.

Apa ndi pamene tinaitana a Sebastiano. Inu simukuwadziwa. Ndi makaniko, kwawo ndi ku Mutarara, anaoloka malire nthawi ya nkhondo ija pamodzi ndi azakhali awo, ndipo amakonza njinga ndi zigayo pa Makhanga. Ndi munthu wosachuluka mawu, Chichewa chawo n'chosakaniza ndi Chisena.

Analowa kunsi kwa galimoto, anakhalako nthawi, potuluka anati matayalawo alibe mlandu. Anati taiveka galimoto nsapato za chimphona pamene miyendo yake ndi ya mwana. Pofunika kusintha maekiselo onse awiri, mitanda yachitsulo imene matayala amamangidwapo, kuika okhala ndi mashafiti onenepa. Anatinso m'chimphika chachitsulo chili pakati pa ekiselo chija, chimene amati difu, muyenera kulowa magiya a mano ambiri, kuti injini izizungulira kangapo tayala lisanamalize ulendo umodzi. Ikatero, liwiro lichepa pamsewu wabwino, koma mphamvu zokoka zichuluka.

A Geresomo anadandaula za liwirolo. Ine ndinawafunsa kuti msewu wabwinowo kwa Mlolo kuno uli pati, andionetse. 

Ndinafunsanso ngati sitingangosintha kumbuyo kokha, poti n'kumene kunathyoka. A Sebastiano anakana. Anati kutero n'kumanga ng'ombe yaikulu ndi thole pagoli limodzi: kutsogolo kuzifuna kuthamanga, kumbuyo kuzifuna kuyenda, mapeto ake china chithyokanso. Mano a kutsogolo ndi a kumbuyo ayenera kufanana.

Maekiselowo anawapeza pa Landilova ina yonyamula katundu wolemera, imene inagubuduzika kalekale n'kungosiyidwa. Anabwera pa sitima, kuchoka pasiteshoni tinawatenga pangolo. Ntchito yonse inkachitikira pabwalo pathu, pansi pa msawu uja, galimoto itakhala pazitsa.

A Geresomo msana unawagwira tsiku loyamba lomwe, choncho wothandiza ndinakhala ine. Ndinkatsuka magiya ndi parafini m'beseni, ndinkagwira sipanala uku iwo akumanga uko. Anandionetsa mmene amapakira utoto wabuluu pamano a giya, n'kuzunguza, kuti aone ngati manowo akulumana pakati kapena m'mphepete. Akapeza kuti sanalumane bwino, ankamasula zonse n'kuyambiranso, osakwiya, akuimba kanyimbo kakwawo chapansipansi. Zikhadabo zanga zinada bii ndi girisi. Amayi ankangotiyang'ana ali pamkeka, akusankha nyemba.

Koma ntchito imene anati ndi ya masiku ochepa inayamba kutalika. Lero akuti bawuti ina yasowa. Mawa akuti akufuna aonenso bwino kutsogolo. Masabata anadutsa matayala akutsogolo ali chigonere pansi. A Geresomo ankang'ung'udza kuti nsomba zikutidutsa. Ine, kunena zoona, sindinadandaule.

Kenaka madzi anabwera. Amayi anali atapita kutsidya kwa dambo kukaona Esinala, mwana wa amalume, amene anali atangochira kumene, mwana wamkazi. M'mawa mwake kunafika bambo wina atanyowa mpaka m'khosi, akuti mudzi wonse wa kutsidyako wamira, anthu athawira pakachitunda pali tchalitchi paja, ndipo madzi akukwerabe. Mabwato anali ochepa, komanso madzi ankathamanga ndi zigodo moti opalasa ankaopa kunyamula ana. Anati njira yangolo yodzera pamtumbira ikadali yopondeka, koma si kwa nthawi yaitali.

 Ndinayang'ana galimoto ili pazitsa, ndinayang'ana a Sebastiano.  Iwo anavula malaya, analowa kunsi, n'kuyamba kuitanitsa zitsulo chimodzichimodzi mofulumira, ine ndikupereka. A Geresomo msana unapola nthawi yomweyo, anakunkhuniza matayala okha. Dzuwa lisanafike pamutu, galimoto inali itatsika pazitsa, injini ikulira.

Sitinaiyese n'komwe. Kuyesa kwake kunali komweko.

A Sebastiano ankayenda patsogolo ndi nsungwi yaitali, akufufuza njira, madzi ali m'chiuno. A Geresomo anaika giya yoyenda pang'onopang'ono, ndipo ulendo uno phazi lawo linali laulemu. Ine ndinali kumbuyo, ndagwira zitsulo, ndikupemphera mokweza. Titafika pachithaphwi pamene chaka chatha tinakumba tsiku lathunthu, ndinatsinzina, ndikudikira kumva phwa uja. Sanamveke. Galimoto inangobangula pansipansi, inagwedezeka uku ndi uku, matope akuwira m'mbali, n'kumapita. Pang'onopang'ono, koma osaima. Achimwene, mukanaiona galimoto yanu tsiku limenelo, mukanalira.

Titatulukira patchalitchi, azimayi onse anayamba nthungululu. Anthu anali atadzazana pamalo ochepa, mbuzi ndi nkhuku zili pakati pawo, madzi atafika kale pakhomo. Tinayamba ndi Esinala ndi khanda lake, nkhalamba ndi ana. Amayi athu anakana kukwera, akuti sachoka kufikira mwana womaliza atachoka. Tinapita n'kubwerera, kupita n'kubwerera, mpaka dzuwa linapendeka. Ulendo womaliza madzi ankalowera m'zitseko, amayi atakhala kutsogolo, mapazi atawakweza, akuwauza a Geresomo mmene ayendetsere ngati kuti iwo anagwirapo chiwongolero.

Titafika kumtunda, anthu anaizungulira galimoto akuimba nyimbo zakutchalitchi, ena akuisisita ngati ng'ombe. A Sebastiano anakhala pansi, akunjenjemera ndi kuzizira, miyendo itachekekachekeka ndi bango. Amayi anavula chitenje chawo chapamwamba n'kuwafunditsa. Anawathokoza m'chilankhulo chawo, amvekere: "Takhuta, mwananga."

Ndinkayesa athera pomwepo. Koma mukuwadziwa amayi. Pamaso pa anthu onsewo anawafunsa a Sebastiano kuti, kodi bawuti imene inasowa masabata onse aja yapezeka bwanji m'mawa umodzi? Anati iwo ndi okalamba koma maso akuona, ndipo chimene a Sebastiano ankakonza pabwalo pathu si galimoto yokha. Anamaliza ndi mawu awa, ndawasunga mmene anawanenera: "Ngati muli ndi mawu, bambo, tumizani anthu. Mwana wanga si difu woti muzingomumasula ndi kumumanga mpaka chaka chithe."

Anthu anafa nalo phwete. A Geresomo analiza hutala. Ine ndinathawira kuseri kwa galimoto, nkhope ikutentha ngati ndayandikira ng'anjo. Ndili komweko ndinamva a Sebastiano akuyankha motsitsa. Anavomera kuti bawutiyo sinasowepo. Anati ankaopa kuti ntchito ikatha sadzakhalanso ndi chifukwa chofikira pakhomo pathu, ndipo kuyankhula ankalephera poti iwo ndi mlendo m'dziko muno. Anapepesa kwa a Geresomo chifukwa cha nsomba zija. A Geresomo anati awakhululukira pokhapokha adzawaitane kuukwati.

Lamulungu lapitali azakhali awo a Sebastiano anabwera ndi akuluakulu awiri a kumpingo kudzandifunsira ukwati. Amayi anawalandira bwino, koma anawauza kuti chimwalirireni bambo, mawu a pakhomo pano ali ndi inu. Anati iwo sangayankhe kanthu a Hilario asanamve.

Ndiye ndagwada, achimwene. Ndikudziwa kuti munkafuna ndidzakwatiwe ndi munthu amene mukudziwa kwawo ndi makolo ake. A Sebastiano khola alibe, mudzi wawo unapsa pankhondo, abale amene ali nawo kuno ndi azakhali okhawo. Zimenezi sindikubisirani. Koma samwa mowa, msonkho amakhoma, khadi lachipani ali nalo, ndipo palibe munthu pa Makhanga amene anawamvapo akutukwana. Ndakhala nawo pansi pa galimoto masabata onsewa, ndawaona zinthu zikuwakanika, ndawaonanso ali ndi mantha m'madzi aja. Sindinaone chondiopsa.

Sindinakuuzenipo mawu otere chibadwire, ndipo pamaso panu sindikanatha, n'chifukwa chake ndalemba. Ndikuwafuna, achimwene. Munandilera inu, munandiphunzitsa sukulu inu, sindifuna kulowa m'banja mtima wanu uli kumbali. Chonde pemphani tchuthi kuntchitoko nthawi yokolola thonje, mubwere mudzawaone nokha, mudzawafunse zonse zimene mukufuna. Mukadzawaona n'kukana, ndidzamva. Koma ndikudziwa kuti simudzakana.

Musachedwe kuyankha. A Sebastiano akuonda, ndipo amayi ayamba kale kuuza anthu kuti asunge mapira a thobwa.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Juliana, muwauze kuti nkhaniyi ndawasiyira iwonso kuti andithandize kukunyengererani. Moni kwa Maliko ndi Rosa, alimbikire sukulu. Amayi akuti muzivala juzi, kumeneko kumazizira. Esinala ndi a Geresomo akupereka moni. A Sebastiano nawonso akuti ndikupatseni moni, koma akuti ngati n'kosayenera kutero musanawadziwe, muwakhululukire.

Ambuye akusungeni pantchito, akutchinjirizeni panjira, mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Otilia.