Kompyuta Yakomoka Tsiku la Maliro

Ba sisi Virginia,

Pepani, ndachoka musanabwere kuchokera kotunga madzi. Kompyuta yatichita chipongwe. Nditati ndisindikize pulogalamu ya maliro a ba Njobvu, galasi lonse langosanduka buluu. Ndazimitsa, ndayatsanso, iyo ingondiyang'ana. Zonse zapita, nyimbo ndi mayina a olankhula omwe, pomwe mwambo wa kutchalitchi ndi m'mawa uno.

Ndi sisitemu yatsopano ija anatiikira ba Silas okonza makompyuta, akulumbira kuti iyi siima pantchito ndipo vairasi singaione n'komwe. Ine ndinawakhulupirira, chifukwa kukosi ya kompyuta anatiuzanso zomwezo. Inu munangowafunsa kuti, "Nanga yakale ija simunalumbire chimodzimodzi?"

Dzulo mutandiumiriza kusindikiza kope imodzi yoti muwerenge ndi maso anu, ndinang'ung'udza mumtima kuti mukumaliza inki. Manje pepalalo ndalipeza pansi pa Baibulo lanu, lili bwinobwino. Ndikuthamanga nalo ku Matero kukachita fotokope, ndipo amai Njobvu sadzadziwa n'komwe kuti kunali vuto. Zikomo kwambiri, ba sisi. Pamaso panu sindikanatha kunena, mukundidziwa mmene ndilili.

Ba Silas akabwera ndi sidi ya sisitemu ina, apatseni tiyi, koma asakhudze kanthu mpaka ndibwere.

Chitenge chophimbira kompyuta ndavala ine kumaliro, changa sichinaume. Iyo lero idye fumbi la komboni yathu ya George, imveko mmene kusiyidwa poyera kumawawira.

Ndine wanu,
Cynthia