Misangu Isanu ya Mayi

Mudzi wa Chimtanda,
Vubwi.
21 Febuluwale, 1988.

Wokondedwa mlongo wanga Dinnah,

Choyamba ndifunse moyo wako, wa alamu a Josephat ndi wa ana onse ku Luanshyako. Kodi chifuwa cha Violet chija chinatha? Kuno tadzuka, kungoti mlamu wako Nelly miyendo ikumuvutabe.

Kalata yako ndinalandira. Ukuti ntchito ya alamu kumgodi ikutha mu Juni, ndiye mukubwerera kumudzi kudzalima munda wa malemu mayi, umene unandisungitsa pochoka. Walembanso kuti ana umawauza za misangu isanu ya m'mundamo. Nditafika pamenepo ndinaipinda kalatayo, ndipo yatha masabata awiri m'Baibulo osayankhidwa.

Dinnah, misangu ija kulibe. Ndinaipha ine.

Ukukumbukira ulimi wa mayi. Mvula ikangoyamba misangu inkayoyola masamba, chimanga cha pansi pake n'kubiriwira mpaka kuda. Mapesi sankatentha, ankakwirira m'mizere. Manyowa a m'khola ankatisenzetsa m'madengu, iwe ukulira kuti mutu wako ukununkha. Nandolo, nyemba, maungu, zonse mommo. Ine zimenezo ndinkaziona ngati umbuli wa anthu akale.

Zaka zinayi zapitazo mlangizi wina anatiuza kuti mlimi weniweni amazula zitsa, amalima ndi ng'ombe, amabzala chimanga cha haibulidi chokhachokha n'kuthira fetereza. Sindikumukankhira mlandu munthuyo ayi, nkhwangwa ndinainola ndekha. A Gibson, oyandikana nawo munda aja, anandipeza ndikusonkha moto patsinde pa msangu woyamba. Anandifunsa ngati mwini munda ndamuuza. Ndinawayankha mwachipongwe kuti mwini munda akudya buledi kumigodi, za dothi akuzidziwira kuti. Anangopukusa mutu n'kubwerera.

Zaka ziwiri ndinakolola, eee, mpaka ndinagula njinga ndi wailesi. Pamsika ndinkayenda modzitukumula. Chaka chatha fetereza anafika mvula ili pakati. Chaka chino sindinamuone n'komwe.

Ukanauona mundawo, mlongo wanga! Chimanga chalekeza m'mawondo, chachikasu, koma chamasula kale ngayaye. Kaufiti yekha ndiye wakondwa, maluwa psuu munda wonse. Pamene panali msangu waukulu, paja tinkakazingira mtedza, madzi a mu Januwale akumba chigwembe choti ndikalowamo umangondiona mutu. Dothi ndi mchenga wokhawokha, ungakumbe mpaka dzuwa kupendeka osaona nyongolotsi ndi imodzi yomwe.

Ukangodumpha malire, pansi pa misangu ya a Gibson chimanga chikundipitirira msinkhu. Masiku ano ndimazungulira njira yakudambo kuti ndisachione.

Ndayesa, usaganize kuti ndangokhala. Koma manyowa ndiwatenga kuti? Ng'ombe zinafa ndi matenda a nkhupakupa, yatsala imodzi, nayonso nthiti pamtunda. Ndinameza manyazi n'kupita kwa a Gibson. Sanandinyoze, ndipo chimenecho chinandipweteka kuposa kutukwanidwa. Anandipatsa njere za msangu n'kundiuza kuti ndiziviike kaye m'madzi otentha. Nditafunsa kuti mitengoyo idzayamba liti kudyetsa nthaka, anati mwina zaka khumi ndi zisanu, Mulungu akalola. Violet adzakhala ali ndi ana ake.

Ndiye pempho langa ndi ili: musabwere chaka chino. Alamu afunefune kantchito kalikonse komweko, kaya ka ulonda. Munda uwu sungadyetse ana ako asanu, ngakhale kuwafikitsa mu Okutobala. Ngati kolowera kulibiretu, bwerani ndithu, dimba langa lakudambo ndikupatsa, koma ukulidziwa kuchepa kwake. Ukafuna kukandinenera kwa akuluakulu a banja, kanene. Mlanduwo ndidzauvomera.

Chimodzi chokha, usiye kuwauza ana za misangu isanu. Ndinabzala ina isanu, itatu mbuzi zinadya. Uwauze kuti ilipo iwiri, yotalika ngati chala, ndipo malume wawo amaitchinga ndi minga m'mawa uliwonse.

Undiperekere moni kwa alamu, ndipo kalatayi uwawerengere wekha, asamve kwa ena. Nelly akupereka moni. Iye anandiletsa kudula, ine osamva. Ambuye akusungeni nonse kumeneko.

Ndine mlongo wako amene unamusungitsa munda,
Ezekieli Banda