Muvi Ukuloza Tsidya

Lolemba, 4 Agosto

Mapazi akadali otupa. Masiku awiri m'tchire la ku Changara osaona njira, ine ndi mlamu Castigo. Mlambe umene tinati ndi chizindikiro, kutembenuka, milambe ponseponse. Telefoni inafa tsiku loyamba masana. Nkhanga zitatu zimene tinapha, zonse zinanunkha.

Pofika kuno ku Degue ndapeza Aissa atagonekedwa kuchipatala mpaka kutuluka. Malungo. Miyezi 9 yokha mwanayu. Mkazi wanga Teresinha kumubereka yekha, kufuna shapa, minibasi, yekha.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti, "Bambo a Aissa, mukadzasocheranso mudzatipeza kwa amayi ku Ulongwe." Chikwama walongedza kale, chili kuseri kwa chitseko.

Tchire sindingasiye. Ndiwo ya m'nyumba muno imachokera komweko.

Lachitatu, 6 Agosto

Castigo akuti kuli kachipangizo, GPS, kobweza munthu pomwe wachokera. Ndapita kwa tiyu Mauro, achikulire aja ankanyamulira ndodo oyeza malo ku migodi ya Moatize. Pano amagulitsa zakale pakhonde. Ali nato tiwiri.

Koyamba kokongola, galasi lalikulu, mapu a mitundu. Kotchaja pamagetsi. M'tchire magetsi ndiwatenga kuti? Ndiponso Chingerezi chokhachokha.

Kachiwiri kachikasu, kokalikakalika, mphira wodyeka pakona. Pilya ziwiri wamba, zomwe zija za mu wailesi. Chipwitikizi. Mabatani asanu, oti ngakhale chala cha thukuta chidina.

Ndinafunsa ngati mitambo imakatseka maso. Akuti ayi. Fumbi? Ayi. Nanga kadziwa bwanji kuti wakagwira ndine? Anaseka. "Iwe sikakudziwa, mphwanga. Kamadziwa malo."

Andibwereka kachikasu mpaka Loweruka. Ndasiya BI yanga, chitupa, ngati chikole.

Lachinayi, 7 Agosto

Nditaweruka kosenza simenti ndakhala nako pansi. M'katimo muli mayina. POÇO. CARRO. CASA. Chitsime, galimoto, nyumba. Casa, nyumba, ndiye ndikufunayo ine. Kudina, muvi watuluka. Ndinakondwa, ndimati kadziwa kale kwathu.

Koma ndaima pakhomo panga penipeni, muvi ukuloza tsidya la Zambezi. 11 km. Ndinazungulira nyumba kawiri. Ukaima muvi umapenga, ukayenda umawongoka. Tsidya basi.

Teresinha ali pamkeka ndi mwana: "Ndiye kakuuzani kuti kwanu n'kutsidya? Kukukhala ndani kumeneko?" Anaseka, koma pakamwa pokha.

Kaya n'kowonongeka. Kaya ndine ndikulakwitsa. Ngati kakunama m'tauni, m'tchire kandipha. Komabe bwanji sikaloza kwina? Bwanji kumodzimodzi?

Loweruka, 9 Agosto

Sindinabweze. Ndimafuna ndione kothera muviwo. Shapa kudutsa mlatho, Matundo, mpaka Chingodzi. Kachipangizoka mlatho sikaudziwa, kamafuna ndingolowa m'madzi. Ichi ndisaiwale: iko kamangoloza, njira ufune wekha.

Kutsika shapa, wapansi. Manambala akutsika nawo. 900 m. 300. 40. Kuyenda monyang'ama ngati ndikulondola gwape. Pa 3 m, geti la malata, mtengo wa masau, mayi wina akuchapa. Dona Albertina.

Ndinapereka moni, ndinafotokoza mwachibwibwi, ndinaonetsa. Anapukuta manja pachitenje, kukatembenuza, chala chinapita chokha pomwe mphira unadyeka. Kanali ka amuna awo. Ankayenda ndi ofufuza malasha, miyezi ali kutchire. Anakagulitsa okha mayiwo kwa tiyu Mauro chaka chatha.

Ndinavula chipewa, ndimayesa ndi maliro. Iwo: "Valani chipewacho, mwanangu. Ali moyo, ali ku Beira ndi wina. Aka sikanasocherepo ndi tsiku limodzi. Anasochera ndi mwini wake."

Anandipatsa madzi ndi masau odzaza m'manja. Anandionetsanso kalembedwe ka malo: kuima pamenepo, kugwira batani mpaka kambendera katuluke, kenako dzina. Akuti CASA ija anadina ndi iwo, amunawo atawagwira chala, zaka zinayi zapitazo.

Ndiye sikonama. Ine ndimafunsa nyumba ya eni. Zaka zinayi kakusunga khomo limodzi, kusintha manja, kusintha pilya, osaphonya. Zimakhala pati zimenezi m'kati mwake? Ndinakagwedeza pakhutu m'shapa. Zii.

Lamlungu, 10 Agosto

Ndagula kachikasu. Tiyu Mauro abweza BI, aonjeza pilya zinayi. Akuti anaiwala kufufuta za mwini wake, ndipo aka n'koyamba kuona munthu akukwera shapa kukafunsa muvi.

Ndamuuza Teresinha zonse, ndi za ku Beira zomwe. Anatambasula dzanja: "Bweretsani kuno."

CASA ya dona Albertina wafufuta ndi iye. Ine chala chimakana. Anaima pakhomo, mwana kumbuyo, kugwira batani monga ndinamuuzira. Kambendera kanatuluka. Kulemba dzina kunamutengera nthawi, chilembo chimodzichimodzi. Sanalembe CASA. Walemba AISSA.

"Ili ndiye muziliwerenga mukaona mapazi a nyama dzuwa likupendeka."

Lachisanu, 15 Agosto

Mawa Changara. Pilya 6 m'pulasitiki, madzi zigubu ziwiri. Tikangotsika galimoto ndidina pomwepo, ndisanaloze nkhanga ndi imodzi yomwe. Castigo akuti ndakhala injiniya.

Ndakayesa katatu kuchokera kumsika. Katatu konse kandifikitsa pa bafa, kuphonya mamita anayi. Zilibe kanthu. Kuchoka pa bafa ndifika ndekha.

Chikwama chija kuseri kwa chitseko kulibe. Zovala za Aissa zili pachingwe. Sindinafunse.