Ngalande ya katswiri wa Chrispin

Okondedwa akulu anga,

Ndikhulupirira muli bwino ku Katete. Ife kuno ku Kanyama tilipo.

Mwana wanu Chrispin, chimusankhireni kukhala wapampando wa komiti ya ngalande pa 3 Novembala, wabweretsa munthu wa mapepala amene akumutcha katswiri. Ine ndakumba ngalande zaka 19, ndipo anthu amanditcha mmisiri. Nditachenjeza kuti madzi sangakwere chitunda cha kumsika kumene katswiriyo analozetsa ngalande, Chrispin anandiyankha pagulu kuti, "Ba tata, imwe ndimwe waganyu chabe, gwirani fosholo." Ndinagwira.

Pa 14 Januwale kutagwa mvula, madzi a m'ngalande anabwerera, nalowa m'nyumba zisanu ndi ziwiri, ndi yathu yomwe. Khoma la chipinda cha amayi athu linagwa iwo ali momwemo. Akulankhula ndithu, koma za miyendo yawo mudzaona nokha. Musachedwe.

Ndine mng'ono wanu,
Whyson